Momwe mphunzitsi wamkulu angayendetsere sukulu kuti ana otsalira nawonso aphunzire

Mphunzitsi wamkulu sagwira choko kawirikawiri. Ena amakhala ndi kalasi imodzi, ena alibiretu. Komabe ndi iye amene amanena kuti mphunzitsi uyu aime patsogolo pa ana awa, mabuku ochepa amene alipo apite ku kalasi iti, ndiponso ngati pakhale wina wofunsa mwana akasowa sabata ziwiri zathunthu. N'chifukwa chake sukulu ziwiri zoyandikana, za ana ochokera m'mabanja ofanana, zimatha kusiyana kutalitali pa zotsatira.

Mu 2004, Kenneth Leithwood ndi anzake ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti mwa zinthu za pasukulu zimene zimakhudza kuphunzira kwa mwana, utsogoleri uli pachiwiri, choyamba ndi kaphunzitsidwe ka m'kalasi. Anaonanso kuti mphamvu ya utsogoleri imaonekera kwambiri m'sukulu zimene zili pamavuto aakulu. Mu 2021, Jason Grissom ndi anzake ku America anawerengera kuti pamalo pa hedi wofooka pakabwera waluso, mwana amapindula ngati waphunzira miyezi ina pafupifupi itatu pa chaka, m'masamu ndi m'kuwerenga momwe. Malangizo otsatirawa ndi a inu amene mwapatsidwa sukulu, kaya mwangoyamba kumene kaya mwakhalitsa. Muwatsate motsatana, chifukwa choyambacho n'chimene chimapereka maso a zina zonse.

Choyamba, pezani ana amene chiwerengero cha okhoza chikuwabisa

Sukulu zambiri zimadziyeza ndi nambala imodzi: ndi ana angati pa 100 alionse amene akhoza mayeso omaliza. Nambala imeneyi imanama mosavuta. Tiyerekeze kuti ana 80 anayambira limodzi kalasi yoyamba. Pofika chaka cha mayeso atsala 50, ndipo 45 akhoza. Pachikwangwani mulemba 90 peresenti, makolo aomba m'manja. Koma mwa ana 80 aja, otuluka ndi satifiketi ndi 56 peresenti basi. Ana 30 anathera panjira, ndipo kusowa kwawoko n'kumene kwakometsa nambala yanu. Alipo mahedi amene amachitira dala, mwana wofooka amamubwereza kalasi kapena kumuuza kuti akalembere kwina. Kumeneko n'kudzinamiza.

Choncho mwezi wanu woyamba muuthere pa marejisitala. Itanitsani onse, mukhale nawo pansi pamodzi ndi wachiwiri wanu. Musathamangire chiwerengero cha pansi pa tsamba chonena kuti lero abwera angati. Tsatani mzere wa mwana mmodzimmodzi kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mwezi wa sukulu umakhala ndi masiku pafupifupi 20, ndiye mwana wojomba masiku awiri mwezi uliwonse akutaya gawo limodzi mwa magawo khumi a chaka chake. Lembani dzina lake. Onaninso kajombedwe kake, chifukwa kamaulula zambiri. Amene amasowa tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, kawirikawiri pali ntchito imene akutumidwa kunyumba. Mtsikana wamkulu amene amasowa masiku atatu kapena anayi otsatizana mwezi ndi mwezi, vuto lake likhoza kukhala zimbudzi za pasukulu panu. Amene ankabwera tsiku ndi tsiku kenaka n'kuyamba kudumphitsa, china chake chasintha, mwina kwawo, mwina m'kalasi momwemo. Ndipo mukapeza rejisitala imene ana onse achongedwa kuti analipo mwezi wathunthu, bolopeni yake imodzi, kalembedwe kosasintha, dziwani kuti yadzazidwa tsiku limodzi. Musaikhulupirire.

Kenaka gawani malikisi a teremu yatha m'magulu: atsikana ndi anyamata, oyenda mtunda wautali ndi apafupi, obwereza kalasi, aakulu msinkhu kuposa anzawo, ana aulumali, ndi amene kunyumba amayankhula chiyankhulo china osati cha m'kalasi. Sipafunika kompyuta apa. Pepala ndi rula zikwanira.

Chimene ambiri amachizemba ndi ichi: yesani nokha ngati ana akutha kuwerenga. Bungwe la Pratham ku India lakhala likugwiritsa ntchito kayesedwe kachidule kuyambira mu 2005. Mwana mmodzi pa nthawi amapatsidwa pepala lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani, ndipo amalembedwa pamlingo umene wafika. Masamu n'chimodzimodzi: kuzindikira manambala, kuchotsera, kugawa. Mwana mmodzi satenga nthawi yaitali. Zimene mudzapeze zikhoza kukuziziritsani nkhongono. Mu 2022, World Bank pamodzi ndi UNESCO, UNICEF ndi mabungwe ena anawerengera kuti m'mayiko osauka ndi opeza pakatikati, ana 70 pa 100 alionse a zaka 10 satha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta. Ena mwa iwo ali m'makalasi anu apamwamba, akukopera notsi mwaukhondo, osadziwa chimene akukopera.

Mukamaliza mukhale ndi mndandanda wa mayina, kalasi ndi kalasi. Ukhale wachinsinsi, wa inu ndi aphunzitsi okha. Si womata pakhoma.

Chachiwiri, gawani aphunzitsi mndandandawo uli patebulo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chilungamo cha sukulu sichioneka pa mawu okoma olembedwa pageti, chimaoneka pa taimutebulo. Chizolowezi cha sukulu zambiri n'chakuti mphunzitsi waluso ndi wokhalitsa amapatsidwa kalasi ya mayeso, pamene wongochoka kumene ku koleji, kapena uja wotopa amene aliyense akumudandaula, amaponyedwa ku makalasi oyambirira. Komatu kumeneko n'kumene ana achulukitsitsa, n'kumenenso kuwerenga kumayambira. Mwana amadutsa zaka zitatu osagwira zilembo, ndiye katswiri uja amadzamulandira patatha zaka zina zingapo, nthawi yomuwongola mosavuta itapita kale. Katswiriyo amangosankha ana khumi kapena khumi ndi asanu oti athamange nawo, otsalawo angodzaza mabenchi.

Tembenuzani zimenezi, koma mosapupuluma. Chaka choyamba sunthani mphunzitsi mmodzi wamphamvu apite ku kalasi yoyamba kapena yachiwiri. Adzaona ngati mwamutsitsa, pakuti aphunzitsi nawonso anazolowera kuganiza kuti kalasi yapamwamba ndiwo ulemu. Kambiranani naye awiriwiri musanalengeze. Muonetseni zotsatira za kuwerenga zija, mupatseni chipinda chabwino ndi mabuku iye poyamba, ndipo pamsonkhano wa aphunzitsi nenani poyera kuti mwamuika kumeneko chifukwa cha luso lake. Wongobwera kumene musamusiye yekha ndi gulu lovuta. Chipinda chake chiyandikane ndi cha wokhalitsa woti azimuonerera ndi kumufunsa.

Ngati kalasi imodzi ili ndi magawo, A, B ndi C, funsani kuti ana anagawidwa motani. Kumene A ndi wa anzeru ndipo C ndi wa amene anatayidwa kale, werengani zinthu zitatu: ndani amaphunzitsa C, ali ndi mabuku angati, ndi mapiriyodi angati amene amangodutsa popanda mphunzitsi. Musadabwe mukapeza kuti C wamanidwa pa zitatu zonsezi. Kugawa ana malinga ndi pamene afika si koipa pakokha. Kafukufuku wa Esther Duflo ndi anzake m'sukulu za pulayimale ku Kenya anapeza kuti kunathandiza ngakhale ana otsalira, chifukwa mphunzitsi ankatha kuphunzitsa pamlingo wawo. Choononga ndi pamene gulu lotsalira lapatsidwa zotsala, ndipo khomo lotulukiramo latsekedwa mpaka dzina limamatira pamwana.

Pokonza taimutebulo, kuwerenga ndi masamu a ana aang'ono zikhale m'mawa mitu ili yopepuka. Koma ngati mndandanda wanu ukusonyeza kuti oyenda mtunda wautali amafika mochedwa, musaike masamu piriyodi yoyamba masiku onse asanu, apo ayi ana omwewo adzaphonya phunziro lomwelo chaka chonse.

Chachitatu, tetezani nthawi yophunzira

Kafukufuku wa World Bank wofalitsidwa mu 2017, wa m'sukulu za pulayimale za mayiko asanu ndi awiri a mu Africa, kuphatikizapo Kenya, Nigeria, Tanzania ndi Uganda, anapeza kuti ofufuza akafika modzidzimutsa, aphunzitsi 44 pa 100 alionse sankapezeka m'kalasi, ndipo pafupifupi theka la iwo anali pasukulu pomwepo. Ana ankaphunzitsidwa maola osakwana atatu patsiku, pafupifupi theka la nthawi yolembedwa pa taimutebulo. Mwana wa kholo lopeza bwino amabwezeretsa nthawi yotayikayo ndi maphunziro apadera olipira komanso mabuku a kunyumba. Wosauka alibe kwina.

Theka lija lokhala pasukulu koma osalowa m'kalasi lili m'manja mwanu. Fikani msanga inuyo. Asembule isapitirire mphindi khumi. Misonkhano ya aphunzitsi izichitika ana ataweruka. Belu likalira tulukani mu ofesi muyende pakhonde. Kungoonekera kwanu kumakhuthula sitafurumu popanda kukalipa. Ndipo pakhale dongosolo lodziwika la amene agwirizire kalasi mnzake akadwala, kuti ana asamangouzidwa kuti "muziwerenga mwakachetechete" tsiku lathunthu.

Chachinayi, lowani m'makalasi, koma muziyang'ana ana

Mahedi ambiri amalowa m'kalasi kamodzi pa teremu, atanyamula fomu yamasamba atatu, mphunzitsi atachenjezedwa kale. Tsiku limenelo amaonerera sewero. Zothandiza ndi maulendo aafupi, a mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, obwera pafupipafupi mpaka ana asiye kutembenuka mukalowa. Uzani aphunzitsi pasadakhale kuti muzichita zimenezi kwa aliyense, ndiponso kuti si zokalemba mufayilo yawo.

Khalani kumbuyo kwenikweni, pabenchi ya ana, pafupi ndi mmodzi wa pamndandanda wanu. Kuchokera pamenepo onani ngati zolembedwa pabolodi zikuoneka komanso ngati mawu a mphunzitsi akufika. Jambulani kachithunzi ka kalasi papepala, muziika kadontho pamalo pa mwana aliyense wofunsidwa funso. Mphindi khumi zikakwana, madontho aja mudzawaona ataunjikana kutsogolo, pa ana anayi kapena asanu okweza manja msanga. Mphunzitsi akafunsa kuti "Tamvana?" kalasi yonse n'kuyankha "Eee!", yang'anani pakamwa pa mnzanu wa pabenchiyo: amayankha nawo, mochedwa pang'ono, maso ali pa anzake. Pemphani kope lake mwaulemu. Onani tsiku lomaliza kuchongedwa, onani ngati cholakwa cha mwezi watha chikubwerezedwabe lero popanda wochikonza, onani masamba amene ali ndi deti ndi mutu wokha, pansi pake mbee. Kope limodzi lotere limakuuzani zambiri kuposa sikimu ndi mapulani onse amene mumasainira Lolemba m'mawa.

Kambiranani ndi mphunzitsiyo tsiku lomwelo kapena mawa lake, awiriwiri, osati pamaso pa ana kapena musitafurumu. Yambani ndi chimene chinayenda bwino, mochitchula dzina, osati kungoti "munaphunzitsa bwino". Kenaka tchulani chinthu chimodzi chokha, chimene munachiona ndi maso. Mwachitsanzo: "Madamu, pa mafunso 12 amene munafunsa, 10 anayankha ana anayi akutsogolo aja. Tingatani kuti akumbuyo nawonso azitsegula pakamwa?" Mulekeni aganize. Njira zake si zachilendo: kufunsa funso n'kudikira pang'ono musanatchule dzina, kutchula ndi amene sanakweze mkono, kupempha onse alembe yankho n'kulikweza m'mwamba, kusinthasintha malo okhala. Gwirizanani chimodzi, munene tsiku limene mudzabwerenso, ndipo mubweredi. Mukapereka zolakwa zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, mphunzitsi amavomera zonse ndi mutu koma sasintha n'chimodzi chomwe.

Chachisanu, aphunzitsi aziphunzira pamodzi, inu muli pomwepo

Mu 2008, Viviane Robinson wa ku yunivesite ya Auckland ku New Zealand ndi anzake anayerekeza ntchito zosiyanasiyana za utsogoleri wa sukulu. Imene inaposa zonse pokhudza zotsatira za ana inali yoti mtsogoleri azilimbikitsa maphunziro a aphunzitsi, iye mwini akutengamo mbali. Mbali yachiwiriyo ndi imene imaiwalika. Kutsegulira msonkhano n'kubwerera ku ofesi sikuwerengedwa.

Patulani ola limodzi pa sabata ziwiri zilizonse. Zolengeza ndi madandaulo zisalowemo. Aphunzitsi abwere ndi makope a ana atatu, wokhoza, wapakati ndi wotsalira, aone pamodzi pamene ana akukodwa, wina asonyeze mmene iye amaphunzitsira mutu umenewo, onse akayese, adzafotokoze ulendo wotsatira. Ngati muli ndi kalasi, bweretsani makope anu poyamba.

Chachisanu ndi chimodzi, patulani nthawi yoti otsalira apezere anzawo

Silabasi imathamanga, sidikira mwana amene sanagwire zilembo. Njira imene Pratham anaikonza, yophunzitsa mwana pamlingo umene ali, yayesedwa kambirimbiri ku India ndipo yasonyeza phindu. Boma la Zambia linayamba kuigwiritsa ntchito mu 2016 pansi pa dzina loti Catch Up. Kachitidwe kake n'kosavuta: kwa ola limodzi patsiku, ana amaikidwa m'magulu malinga ndi zotsatira za kayesedwe kaja, osati malinga ndi kalasi kapena msinkhu. A zilembo pawokha, a mawu pawokha, a ndime pawokha. Amayesedwanso pakapita sabata zingapo, ndipo wokwera amasamukira gulu lotsatira.

Pali misampha iwiri. Ola limeneli mukaliika madzulo n'kumalipiritsa, ofunikira thandizo enieni aja sadzabwera. Ndipo mukalisiya kwa aphunzitsi odzipereka okha popanda kulilemba pa taimutebulo, limatha lokha sabata ya mayeso ikangoyandikira.

Chachisanu ndi chiwiri, unikani malamulo anu omwe

Tengani malamulo a sukulu, pa lililonse mufunse kuti limagwira ana ati kawirikawiri. Kubweza mwana chifukwa alibe yunifolomu kapena sanabweretse ndalama ya chitukuko ndi kumulanga chifukwa cha thumba la makolo ake. Kutseka geti belu likangolira kumagwira woyenda mtunda wautali ndi amene amayamba wagwira ntchito kunyumba. Chibalo cha nthawi ya maphunziro chimachotsa m'kalasi mwana yemwe uja wotsalira kale. Mwambo ukhalepo ndithu, koma chilango chisadye nthawi ya phunziro, ndipo kumenya kapena kuchititsa mwana manyazi pagulu kulekeke. Mantha saphunzitsa munthu kuwerenga.

Zina n'zosalira ndalama. Mwana wovutika kuona kapena kumva akhale kutsogolo. Mwana aliyense adziwe mphunzitsi amene angakamuuze zachinsinsi, ndipo dandaulo lokhudza nkhanza kapena kugwiriridwa lisathere mu ofesi yanu pofuna kuteteza mbiri ya sukulu. Litsate njira imene malamulo a dziko lanu amanena. Kumene malamulo amalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, musadikire kuti abwere yekha kudzapempha. Tumizani uthenga kwa makolo ake, ndipo konzekeretsani aphunzitsi, chifukwa mawu onyoza amene amamubwezanso kunyumba nthawi zina amachokera kwa akuluakulu.

Chachisanu ndi chitatu, makolo ndi ndalama

Anthony Bryk ndi Barbara Schneider anatsatira sukulu za pulayimale mazana angapo ku Chicago m'zaka za m'ma 1990, ndipo anapeza kuti zimene munali kukhulupirirana pakati pa hedi, aphunzitsi ndi makolo n'zimene zinkakwera pa zotsatira. Kukhulupirirana kumayambira pa zazing'ono: kuchita chimene mwalonjeza, ndi kusakondera pogawa ntchito kapena mwayi wa maphunziro.

Makolo obwera kumisonkhano kawirikawiri ndi a ana okhoza kale. A ana a pamndandanda wanu muwatsate inuyo kapena a komiti ya sukulu, ndipo uthenga woyamba usakhale wa mlandu. Kholo limene silinapite kusukulu lingathe kuonetsetsa kuti mwana wanyamuka m'mawa, lingathenso kumupempha kuti aliwerengere mokweza madzulo. Liuzeni zimenezo m'chiyankhulo chimene limamva.

Za ndalama, matani pabolodi ya zidziwitso zonse zimene zalowa ndi mmene zagwirira ntchito. Ku Uganda, pakati pa 1991 ndi 1995, sukulu zinkalandira pafupifupi 13 peresenti yokha ya ndalama zimene boma linkatumiza zogulira zipangizo. Boma litayamba kulengeza ndalamazo m'nyuzipepala ndi kulamula kuti zizimatidwa pasukulu, pofika mu 2001 zofika zinaposa 80 peresenti. Pogula zinthu, yambani ndi zimene zikusowa kwa ana a pamndandanda: mabuku a makalasi oyambirira ndi zitseko za zimbudzi zibwere penti ya ofesi isanabwere.

Kumapeto kwa teremu

Bwererani ku mndandanda uja ndi kayesedwe komweko, osati kena kofewerapo. Pa dzina lililonse lembani ngati mwana wakwera mlingo, waima pomwepo, kapena wasiya kubwera. Werengeraninso magulu aja, muone ngati mpata pakati pa atsikana ndi anyamata, kapena pakati pa A ndi C, wachepa. Avereji ya sukulu ikhoza kukwera mpatawo ukukula, choncho musaime pa avereji. Zotsatirazi muzisunge mufayilo imene wachiwiri wanu akuidziwa bwino, pakuti mahedi amasamutsidwa ndipo wobwerayo asadzayambirenso pachiyambi. Mayina amene sanasunthe ndiwo akhale oyamba kukambidwa pamsonkhano wa aphunzitsi sabata yotsegulira, lililonse likhale ndi mphunzitsi woliyang'anira ndi tsiku lodzamuyesanso mwanayo.